Kalata yotseguka kwa a bwana oyang'anira maphunziro a sekondale m'chigawo chathu

Bwana, moni. Ndine mphunzitsi wa sayansi pa CDSS ina kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ndinakulemberani kawiri kudzera kwa a hedi, yankho zii, nde pano ndangoti ndilembe poyera.

Teremu yathayi mtsikana wa Fomu 3, mwana wa msodzi wa matemba, anabwera ndi mabotolo awiri n'kuwaika pa tebulo panga. Lina madzi a mu mtsinje wa Likangala womwe umathira m'nyanjayi, ofiirira ngati tiyi wamkaka, lina a m'nyanja. Akuti sala, madziwatu ndi amodzi, bwanji a m'nyanjawa akumveka kamchere? Ndinayankha za m'buku, kuti Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, amangouma ndi dzuwa mchere n'kutsalira. Iye amvekere, nde tiyeze tione. Bwana, ndiyeze ndi chani? Olo litimasi, timapepala toyezera asidi m'madzi, tilibe. Ndinangojambula pH, muyeso wa asidi, pa bolodi ndi choko, mabotolo aja anakhala pa windo mpaka anachita ndere, ine tsiku lililonse kumawayang'ana ndi manyazi. Ndipo ndisaname, olo zida zikanakhalapo sindikanadziwa poyambira, chiyambireni ntchito palibe anandionetsapo katengedwe ka madzi okayeza pa mtsinje.

Komatu nyanjayi inauma mu 1995, mu 2018 inaphwanso mabwato n'kukhala pa matope, ili pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse kuchokera 1997, namondwe Freddy mu 2023 anakokolola midzi ku Phalombe, mitengo ya m'mapiri ikuthera makala, anthu akulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje ya Domasi ndi Thondwe, asodzi a m'zimbowera, tizisakasa toyandama pa nyanja, kolera sawasiya. Ana athu zonsezi amaziona ndi maso, koma mphunzitsi wawo akungowalakatulira manotsi.

Ndikudziwa ndalama ndi zovuta ndipo ntchito yanu sindikuyipeputsa ayi. Koma paja ndi anthu a ku ofesi kwanu omwe anabwera n'kulemba maina athu kuti kukhala maphunziro a pa holide a zachilengedwe, ena tinakana maganyu kudikira foni. Chaka chotsatira analembanso maina omwewo, pepala lina. Ma workshop omwe timamva amachitikira mu holo, pulojekita, ma alawansi, fanta ndi samusa, mtsinje osaupondako n'komwe.

Chomwe tikupempha ndi ichi: holide ikubwerayi mutitenge aphunzitsi a sayansi ndi jogalafe a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe, masiku asanu okha, tiyambire pamwamba pa phiri la Zomba kutsata mtsinje mpaka ku doko la Kachulu, tikuyeza madzi, matope ndi liwiro lake ndi manja athu. Akatswiri sali kutali, University of Malawi ndi Domasi College of Education zili pompano. Pobwerera sukulu iliyonse ipatsidwe mapepala oyezera pH, tepi ndi choyezera mvula.

Mtsikana uja akulowa Fomu 4, alemba MSCE chaka chamawa. Tiuzeni deti bwana, maina muli nawo kale.

Ine mphunzitsi wanu,
wa m'mbali mwa Chilwa