Lipoti la nthumwi zathu ku msonkhano wa onyamula zitsulo ku Zomba

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Munatituma awiri ku msonkhano wa aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi womwe unachitika Loweruka lapitali muno mu Zomba, ndipo munatisenzetsa funso limodzi: bwanji anthu atsopano amafika ku jimu kwathu Lolemba ali ndi changu, koma pofika Lachinayi osaonekanso? Yankho tabwera nalo, ngakhale silitikomera. Timawalemetsa tokha sabata yoyamba, kenako n'kumawauza kuti ululuwo ndiye umboni woti zikuyenda.

Za ubwino wonyamula zitsulo panalibe mtsutso. Malangizo a 2020 a bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azilimbitsa minofu yonse ikuluikulu masiku osachepera 2 pa sabata, kuwonjezera pa mphindi 150 mpaka 300 zoyenda ndawala kapena kupalasa njinga. Munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo zitsulo zimachedwetsa zimenezi. Zimalimbitsanso mafupa, makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba, komanso zimathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi. A BP yokwera akhoza kunyamula ikakhala kuti yatsika ndi mankhwala, bola asamagwire mpweya: pumirani kunja pokweza, kokani mpweya potsitsa.

Nthawi yambiri inathera pa kuphwanya kwa thupi kobwera mawa lake. Katswiri wa mafizo amene anatsogolera gawoli anatsutsa zomwe ambiri timanena, zoti ndi lactic acid (asidi amene minofu imapanga ikamagwira ntchito mwamphamvu) wotsalira m'minofu. Lactic acid amatha pasanathe ola limodzi kapena awiri munthu atasiya masewera, pomwe ululuwu umayamba patatha maola 12 mpaka 24, umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, n'kuzilala pofika tsiku la 5 kapena la 7. Gwero lake ndi timabala ting'onoting'ono ta mkati mwa mnofu ndi kutupa kobwera thupi likamakonza malowo. Timabalati timachuluka mnofu ukamatalika uli ndi katundu, ndiye kuti potsitsa chitsulo, osati pochikweza. Aliyense amene anatsikapo phiri la Zomba wapansi kudzera Potato Path akudziwa: kukwera kumathetsa mpweya, koma ntchafu zokana masitepe patatha masiku awiri zimachokera kotsika.

Mnofu umaphunzira msanga. Ukapwetekedwa pang'ono kamodzi, ulendo wachiwiri wa masewera omwewo ululu umachepa kwambiri, ndipo chitetezo chimenechi chimakhala kwa masabata angapo. Choncho watsopano safunika kuphwanyidwa kuti azolowere. Muyezo umene tinapatsidwa ndi uwu: masabata awiri oyamba achite seti 1 kapena 2 pa mtundu uliwonse wa masewera, seti imodzi kukhala kunyamula motsatizana ka 8 mpaka ka 12, n'kusiya akadali ndi mphamvu zonyamulanso kawiri kapena katatu. Mnofu womwewo upume maola 48. Akayamba kupitirira ka 12 mosavuta maulendo awiri otsatizana, awonjezere kulemera ndi 2 mpaka 10 peresenti basi. Apa ife tili ndi vuto lathu: zitsulo zathu za simenti zija palibe akudziwa kuti zimalemera bwanji, ndipo mbali ziwiri za chitsulo chimodzi sizifanana. Botolo la madzi la malita 5 ndi makilogalamu 5, chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo kwa oyamba kumene zimenezi n'zodalirika kuposa simenti yosayeza.

Ululu ukabwera, chothandiza ndi kuyenda pang'ono, kusisita mofewa, madzi ofunda, tulo ta maola 7 mpaka 9 ndi chakudya. Kudziwongola usanayambe kapena ukamaliza sikuletsa ululuwu, ngakhale ambiri mu holo anakana kukhulupirira. Wonyamula zitsulo amafunika mapuloteni pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndiye wa makilogalamu 70 akufunika magalamu 112. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Usipa wouma, matemba a ku Chilwa ndi soya pieces zouma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Ndi nyemba, nandolo ndi mtedza pamwamba, ife sitikuona chifukwa chothamangira zitini zodula za ufa wa mapuloteni.

Kukokana kwa mnofu ndi nkhani ina, tisamaisakanize ndi yoyambayi. Kumabwera mwadzidzidzi, mnofu n'kuuma ngati mwala, kawirikawiri katumba wa mwendo kapena kuseri kwa ntchafu, masewera akamatha. Choyambitsa chachikulu ndi kutopa: mitsempha imapitiriza kulamula mnofu kuti ukokeke osaumasula. Kutaya madzi ndi mchere m'thukuta kumawonjezera, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Mankhwala ake a pompopompo ndi kuwongola. Akakhala katumba, wongolani bondo, kokerani zala za phazi kumtunda cha ku msongolo, gwirani masekondi 20 mpaka 30, mubwereze mpaka atamasuka. Kukakhala kuseri kwa ntchafu, munthuyo agone chagada, mnzake akweze mwendowo bondo lili lowongoka. Kumenya ndi chibakera kumangowonjezera bala. Nthochi ndi yabwino, koma siifika m'magazi msanga moti n'kumasula mnofu umene wakokana kale.

Pofuna kudziwa madzi amene mukutaya, dziyezeni pa sikelo musanayambe ndi mukamaliza. Kilogalamu imodzi yotsika ndi lita imodzi ya thukuta, ndipo bwezerani lita imodzi ndi theka pang'onopang'ono. Wotuluka thukuta losiya zoyera pa malaya amwe Thanzi, kapena asungunule masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Kwinini asamwedwe pofuna kuthetsa kukokana. Amene ali pa mankhwala a BP okodzetsa ndipo akukokana pafupipafupi akauze achipatala, asasiye okha mankhwalawo.

Pali zizindikiro zimene si za ku jimu konse. Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, pamodzi ndi minofu yotupa mpaka mkono kukanika kuwongoka, ndi chizindikiro choti mnofu wawonongeka kwambiri ndipo zotuluka mmenemo zikhoza kupha impso. Wotere apite ku Zomba Central Hospital tsiku lomwelo, ndipo asamwe brufen kapena diclofenac, chifukwa mankhwalawa amalemetsanso impso, makamaka thupi likauma. Katumba wa mwendo umodzi wotupa, wotentha, wosamasuka ndi kuwongola akhoza kukhala magazi oundana mu mtsempha. Ululu wobaya pa mfundo kapena womveka kuti thapu ponyamula ndi kuvulala. Ndipo kuno kwathu, kuphwanya thupi kobwera ndi kutentha thupi kapena mutu tiyambe takayezetsa malungo tisanaloze zitsulo.

Tikupempha komiti kuti pa msonkhano wa mwezi uno ivomereze kubwereka sikelo kuti tiyeze zitsulo zonse ndi kulembapo kulemera kwake ndi penti, isankhe munthu mmodzi woyang'anira atsopano masabata awo awiri oyamba, ndipo ithetse mwambo woyesa mlendo ndi ma squat (kunjuta n'kudzuka) 100 tsiku loyamba. Mapaketi a Thanzi tidzabweretsa mtengo wake tsiku lomwelo kuti msungichuma aone ngati thumba lingakwanitse.

Ife nthumwi zanu ziwiri.