Envelopu ya wandale ikamalowa m'tchalitchi, ilowere khomo liti?

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi akulu a mpingo, asungichuma, alembi ndi makomiti a zomangamanga m'mipingo yathu. Nkhani yake ndi ya ndalama zimene andale amabwera nazo pa Pepa Sande, pa masika, potsegulira nyumba ya abusa kapena pokhazikitsa chimbale cha kwaya. Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chinadutsa, ndipo ambiri akuti nkhaniyi tidzaiona 2030 ikamayandikira. Ine ndikuti nthawi yoikonza ndi ino, mitima idakali m'malo. Lamulo limene bwalo la mpingo lingakhazikitse kampeni itayamba, aliyense amati lalunjika wakutiwakuti, ndipo limafera m'buku la mlembi.

Mmene zimakhalira tonse tikudziwa. Mapemphero amayenera kuyamba 8 koloko, koma 10 koloko ikukwana kwaya ikungobwereza nyimbo zomwezo poti mlendo wolemekezeka sanafike. Galimoto zikangoima panja, agogo amene amakhala pa benchi ya kutsogolo chifukwa makutu anayamba kuvuta akuuzidwa kuti asunthire kumbuyo. Nthawi ya zopereka, woyendetsa mwambo akweza mawu: bwana apereka K2 miliyoni, K500,000 pompano, yotsalayo itumizidwa sabata yamawa. Nthungululu. Kenaka bwana apatsidwa maikolofoni kuti "angopereka moni", ndipo moniyo atenga mphindi makumi awiri, muli mlatho, muli mjigo, muli feteleza.

Ambiri a ife sitidziwa kuti lamulo la dziko lino linalankhulapo kale. Lamulo la zipani za ndale la 2018, m'gawo 41, limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa anthu kuti akuvotere, ndipo chilango chake chimafika pa K10 miliyoni ndi zaka zisanu m'ndende. Lamulo lomwelo linapatula zinthu zingapo kuti sizili m'gulu loletsedwa: zinthu za kampeni monga nsalu ndi mapositala, thiransipoti ndi chakudya cha pa misonkhano ya chipani, komanso zopereka za kutchalitchi kapena kumzikiti zimene sizinalengezedwe. Mawu ofunika ndi omalizawo. Wandale ndi wololedwa kupereka chopereka ngati mkhristu wina aliyense. Chimene chimasandutsa chopereka kukhala nyambo ndi kulengeza. Choncho amene amaika wandale pa mzere wa mlandu nthawi zambiri ndi ife eni tchalitchi, tikanyamula maikolofoni n'kutchula dzina ndi kuchuluka kwa ndalama.

N'zochititsa manyazi kuti aphungu ku Nyumba ya Malamulo anachita kutikumbutsa zimene zili pa Mateyu 6. Paja Ambuye anati popereka tisaombe lipenga, dzanja lamanzere lisadziwe chimene lamanja likuchita. Yakobo 2 amachita kujambula Pepa Sande yathu: munthu wa mphete yagolide apatsidwa mpando wabwino, wosauka auzidwa kuti aime uko kapena akhale pansi. Ndipo pa Marko 12, amene Yesu anamuona pa bokosi la zopereka ndi mayi wamasiye wa timakobidi tiwiri, pomwe ife timamuombera m'manja wa envelopu yonenepa.

Sindikunena kuti wandale azibwezedwa pakhomo. Ambiri mwa iwo anabatizidwa m'mipingo yomweyi, ena ndi akulu a mpingo, ndipo 1 Timoteo 2 amatilamula kupempherera olamulira. Sindikunenanso kuti mipingo ili ndi ndalama. Malata akwera, simenti yakwera, ndipo tchalitchi chimene chakhala zaka zisanu pa lintala chimapweteka mtima. Koma tiyeni tione chimene chimachitika mlendo uja akachoka, poti apa ndiye pamene misozi imayambira.

Choyamba kufa ndi chopereka cha akhristu eniake. Anthu amva ndi makutu awo kuti denga lapezeka, ndiye mwezi wotsatira makadi a chitukuko amabwera opanda kanthu. Yotsala ija, K1.5 miliyoni, siibwera. Komiti iyamba kuyenda ku ofesi ya bwana, thiransipoti ikuchokera m'thumba la mpingo, mpaka foni ya bwana isiya kuyankhidwa. Pamene akhristu akumva K2 miliyoni, msungichuma ali ndi K500,000 yokha, ndipo mphekesera yoyamba imakhala yoti komiti yadya. Mipingo ingapo imataya asungichuma okhulupirika mwa njira imeneyi, osati chifukwa anaba, koma chifukwa chiwerengero cholengezedwa pa guwa sichikugwirizana ndi cha m'buku.

Katundu nayenso ali ndi misampha yake. Wandale amakonda kubweretsa zinthu zooneka pa chithunzi: matumba a simenti, malata. Simenti ikabwera komiti isanapeze mchenga, miyala ndi ndalama ya mmisiri, imaunjikidwa m'chipinda cha kuseri. Thumba la makilogalamu 50 likakhala pansi pa dothi kapena mokhudza khoma nyengo ya mvula, pakatha miyezi itatu layamba kale kuchita mibulu, ndipo mphamvu yake yatsika. Malata amabwera osayezedwa, ena a mafiti 10 pomwe denga likufuna a mafiti 12, ena opyapyala kuposa amene anakhomedwa kale mbali ina. Mphatso yotere imakakamiza mpingo kumanga motsatira kalendala ya kampeni m'malo mwa pulani ya nyumba.

Koma chimene chimawonongeka kwambiri sichioneka ndi maso. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Eksodo 23:8 amanena kuti chiphuphu chimachititsa khungu anthu openya. Mbusa amene akuyendera galimoto yochokera kwa phungu adzalalikira bwanji za mankhwala osowa pa chipatala cha m'deralo, kapena za mlatho umene ndalama zake zinatuluka koma mtsinje anthu akuwolokabe atakwinya zovala? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndipo m'mabenchimo muli a MCP, a DPP, a UDF, a UTM ndi ena opanda chipani. Tsiku limene guwa lapendekera mbali imodzi, enawo sanena kanthu, amangoyamba kujomba, kapena kusiya kupereka, kapena kukapemphera kwina.

Tikumbuke chimene mpingo unachita pamene unali ndi pakamwa pake. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya aepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, kudzudzula kusowa kwa chilungamo ndi ufulu wolankhula mu ulamuliro wa chipani chimodzi. Boma linati kalatayo ndi youkira, Monsinyo John Roche, yemwe ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko, ndipo malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka anatenthedwa. Chaka chomwecho mipingo ina pamodzi ndi Asilamu inagwirizana n'kupanga bungwe la Public Affairs Committee, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu kusankha zipani zambiri. Mu 2002, pamene ena ankafuna kusintha malamulo kuti mtsogoleri wa dziko apitirire matemu awiri, mipingo inaimanso nji. Anthu anamvera chifukwa ankadziwa kuti olankhulawo sali m'thumba la wina aliyense. Chuma chimenecho ndi chimene tikusinthanitsa ndi malata makumi atatu.

Nanga bwalo la mpingo lichite chiyani? Likhale pansi, kaya ndi seshoni, kaya khonsolo ya parishi, kaya bodi ya madikoni, ligwirizane mfundo zochepa, zilembedwe m'maminitsi, ziwerengedwe kwa mpingo wonse masabata awiri otsatizana, ndipo kope limatidwe pa bolodi. Mfundo zikhale zosatchula munthu kapena chipani. Phindu lake n'lakuti tsiku limene bwana wafika, mkulu wa mpingo sanena kuti "ine ndakana", amangoloza pepala n'kuti "mpingo unagwirizana kale". Zimenezi zimateteza kwambiri abusa achinyamata amene angofika kumene pa mpingo ndipo akuopa kukhumudwitsa anthu otchuka a m'deralo.

Pa kayitanidwe, mfundo ikhale yakuti mu nyengo ya kampeni, imene lamulo limati ndi masiku 60 ndipo imatsekedwa maola 48 kuvota kusanayambe, palibe wopikisana amene angakhale mlendo wolemekezeka. Ndingalangize kuti mpingo uonjezere nyengo yake kufika chaka chathunthu, chifukwa phokoso lenileni limayamba pa zisankho zachipulula m'zipani, ndipo nthawi imeneyo opikisana amatha kukhala awiri a mpingo umodzi. Musaiwale zisankho zapadera za phungu kapena khansala, zomwe zimagwa mwadzidzidzi. Ngati mpingo ukufuna kumva mfundo za opikisana, ukonze tsiku lapadera, Loweruka, mu holo kapena pansi pa mtengo, onse aitanidwe ndi kalata yofanana yolembedwa tsiku limodzi, aliyense apatsidwe mphindi zofanana, woyendetsa akhale ndi wotchi, ndipo pasakhale mbale ya chopereka. Wina akapanda kubwera, mpando wake ukhale pomwepo anthu auone.

Wandale akabwera kudzapemphera Lamulungu kapena Lasabata, alandiridwe ngati mlendo aliyense. Mlembi atchule dzina lake pamodzi ndi alendo ena, aimirire, akhale pansi. Maikolofoni ayi. Zovala za chipani ayi, ndipo izi zikhudzenso omuperekeza. Kwaya, amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a bungwe lina lililonse la mpingo asakaimbe pa msonkhano wa chipani atavala yunifolomu ya mpingo. Munthu payekha ali ndi ufulu wopita, koma yunifolomu si yake.

Tsopano envelopu. Ilowe m'mbale kapena m'bokosi momwe mukulowa zopereka za onse. Powerenga pakhale anthu osachepera atatu, osakhala a banja limodzi, ndipo aziwasinthasintha. Ndalama ilembedwe m'buku tsiku lomwelo, risiti ilembedwe, ndipo Lolemba ikaikidwe ku banki, ku akaunti ya mpingo imene ili ndi osainira atatu, awiri mwa iwo n'kumasaina potapa. Kumidzi kumene banki ili kutali, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale yodziwika kwa mpingo wonse, ndipo uthenga uliwonse wa ndalama yolowa ukoperedwe m'buku pamaso pa anthu awiri. Polengeza, tchulani zonse zimene zapezeka tsikulo, osati za munthu mmodzi. Lonjezo lisalengezedwe n'komwe, ndipo lisalowe mu bajeti mpaka ndalamayo itagwiridwa m'manja. Izi zokha zingathetse theka la mikangano ya m'makomiti a zomangamanga.

Mphatso ikakhala yaikulu, kapena ikakhala katundu, bwalo liyambe lakhala lisanalandire. Mafunso ndi atatu. Ikuchokera m'thumba la munthuyo, ku chipani, kapena ku thumba la boma monga CDF, lija la chitukuko cha m'dera la phungu? Ngati ndi ya boma, ndiye kuti ndi misonkho ya Amalawi onse, kuphatikizapo a zipembedzo zina, ndipo ili ndi njira yake kudzera ku khonsolo. Si mphatso yoti tithokozere munthu. Funso lachiwiri, pali chimene akufuna pobwezera, kaya dzina pa khoma, kaya atolankhani pa tsiku lopereka? Lachitatu, katunduyo akugwirizana ndi pulani? Komiti ipereke muyeso wake polemba: geji ya malata, kutalika kwake, nambala ya matumba, ndi mwezi umene mmisiri adzakhale wokonzeka. Woperekayo akakana kupereka mwakachetechete, yankho mwalipeza kale. Abramu pa Genesis 14 anakana ngakhale ulusi kapena chingwe cha nsapato kwa mfumu ya Sodomu, kuopa kuti ingadzanene kuti ndine ndinamulemeretsa.

Ena afunsa kuti nanga tchalitchi tidzamaliza liti? Tiwerengetse. Mpingo wa akhristu 300, aliyense akamapereka K2,000 pa mwezi ku thumba la chitukuko, ndi K600,000 pa mwezi, K7.2 miliyoni pa chaka. Si onse angakwanitse, ena apereka thumba la chimanga kapena ndowa ya mtedza nthawi ya masika, ena aumba njerwa, ena atunga madzi. Chimene chimapangitsa anthu kupitiriza kupereka ndi lipoti la miyezi itatu iliyonse lomatidwa pa bolodi, losonyeza zolowa, zotuluka ndi marisiti. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limene lasenzedwa ndi mutu umodzi mwini wake amabwera kudzalikumbutsa.

Patsala envelopu ina imene siidutsa m'mbale: ija imene imaperekedwa kuseri, mapemphero atatha, ndi mawu oti "iyi ndi ya sopo wa abusa". Pano lamulo la boma silingaone, mpingo sungaonenso. Njira yabwino ndi yakuti mtumiki aliyense, kaya mbusa, wansembe kapena katekisi, akalandira mphatso yochokera kwa munthu wofuna udindo wa ndale, aiulule ku bwalo pa msonkhano wotsatira, ilembedwe, ndipo bwalo ligamule ngati isungidwe, ipite ku thumba la mpingo kapena ibwezedwe. Mipingo nayo ilipire atumiki ake pa nthawi yake, chifukwa mbusa amene wakhala miyezi itatu osalandira kanthu n'kovuta kumuuza kuti akane thumba la feteleza. Ndipo mtumiki amene iye mwini akufuna kuima nawo pa chisankho ayambe watula pansi udindo. A Lazarus Chakwera anachita zimenezo mu 2013, anasiya utsogoleri wa Assemblies of God asanapikisane pa mpando wa MCP. Ma sinodi ndi madayosizi alembe mfundoyi momveka bwino, atchulenso miyezi imene munthu ayenera kukhala atachoka pa guwa asanatenge mafomu.

Mkulu wa mpingo,
Dedza