Kwa Fatsani, pa za mnzako uja

Fatsani mwananga,

Kuno ku Ngabu tilipo, dzuwa ndi lomwe lija ukulidziwa. Amalume ako anabwera dzana ati anzako a ku kampani ya shuga ku Nchalo akusankha kukhala shopu sitiwadi, woyankhulira antchito anzako kwa mabwana, ndinasangalala ndithu mpaka mayi ako anaimba nthungululu, koma atanena kuti masiku ano sukusiyana ndi Dyson chakudya chinandikanika. Dyson yemwe uja? Amene akulalikira pa Nchalo kuti zokambirana nzotaya nthawi, bola kungotseka geti olo kuyatsa nzimbe usiku kuti mabwana amve?

Iwe Fatsani, Dyson alibe mwana, alibe mkazi, akachotsedwa ntchito akwera minibasi mawa lake ulendo ku Blantyre. Iwe uli ndi ana awiri ndipo mpongozi wangayo ndi woyembekezera. Ndiye ukutsatira chani?

Sindikuti mukhale chete ayi, ngati ovataimu sikutuluka bwino kapena magambutsi atha, nenani, ntchito anakusankhirayo ndi imeneyo. Koma kanene pa tebulo, utenge mapeyisilipi a anzako, zomwe mwagwirizana zilembedwe ndipo onse asaine, zapakamwa bwana akasamutsidwa zimapita naye. Upite ndi akuluakulu a yuniyoni, usamadzione wanzeru wekha, khalidwe limenelo unali nalo kuyambira uli mwana, paja unakana kumvera agogo ako za ng'ona pa Shire mpaka ndinakukwapula. Ndipo pa mitingi osalozana chala, munthu wa HR nayenso ndi wolembedwa ntchito ngati iwe, ukamunyoza pagulu olo akhale ndi mtima wokuthandizani sangathenso.

Sitiraka ili ndi njira yake mu lamulo la 1996 lija la ubale wa pa ntchito. Mkangano mumakaunena kwa a leba, pamakhala masiku 21 oyesa kukuyanjanitsani, zikakanika ndiye mumapereka notisi ya masiku 7. Ukalumpha zimenezi olo ukadandaule ku khoti la za ntchito ku Blantyre ukanena chani? Komanso kuyambira 2021 sitiraka ikapitirira masiku 3 pachaka bwana amaloledwa kudula malipiro, Dyson wakuuza zimenezo? Mfunse. Mfunsenso ngati adzakugulire ufa.

Ine 1992 ndinaiona ndi maso, sitiraka inayambira ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead mu Meyi kenako tauni yonse ya Blantyre inasokonekera, anthu anafa, ena mwa iwo anangopita kukaonerera. Nthawi imeneyo munthu unalibe pokanena, ndiye mwina ankalakwa pang'ono. Inu muli ndi yuniyoni, muli ndi MCTU, bungwe la mayuniyoni a dziko lonse, ofesi ya leba ili pa boma pompo.

Ganizanso za alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndi ku Phata amene amagulitsa nzimbe ku fakitale yanuyo, azakhali ako ali momwemo, fakitale ikaima nthawi yogaya nzimbe zawo zodula kale zimangouma shuga nkumathawa, adzakuyang'ana bwanji pa maliro?

Za Dyson ndabwerezanso, msiye. Akabwera kwanu madzulo ndi timabotolo take muuze kuti mwana akudwala. Ngati ukuchita manyazi ndimuimbire ndine, nambala ndipeza.

Mayi ako ati utumize ya mankhwala a BP, ndipo Loweruka undiimbire mitingi yanuyo ikatha ndimve zomwe mwasainirana.

Ndine bambo ako