Kwa Yusufu, za chomera chooneka ngati mtanda wa nsima

Wokondedwa mphwanga Yusufu,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako kumeneko ku Makawa. Kuno ku Boma tadzuka bwino, kungoti mwera wa chaka chino wabwera ndi ukali, moti usiku tikufunda bulangete ngati si ku Mangochi.

Amayi ako andiuza kuti unalira tsiku limene mphepo inathyola papaya amene unabzala kuseri kwa khitchini. Pepa, mwana wanga. Andiuzanso funso lako, loti bwanji mphepo inagwetsa papayayo koma udzu wapansi pake osauchita kanthu. Funsoli landikumbutsa chomera chimene ndinachidziwa ndili ku Cape Town, nthawi ija ndinkagwira ntchito kudoko.

Chaka chilichonse padoko paja pamanyamuka sitima yaikulu yotchedwa SA Agulhas II, kupita kuchilumba cha Marion, chimene chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 pakati pa nyanja yamchere. Ena mwa obwerako ankationetsa zithunzi pafoni. Pachilumbapo palibe mtengo ngakhale umodzi. Kumazizira chaka chonse, ndipo mphepo yake, yochokera kumadzulo, imaomba pafupifupi tsiku ndi tsiku. Koma pakati pa miyala yakuda pamakhala zinthu zobiriwira, zozungulira bwinobwino ngati mtanda wa nsima womwe waikidwa m'mbale ndi chipande. Ine ndinkayesa miyala yomera ndere. Anandiuza kuti ndi chomera, dzina lake Azorella selago, cha m'gulu limene Azungu amalitcha dzina lotanthauza mtsamiro.

Tsono mvetsetsa apa, chifukwa yankho lako lili pomwepa. Mawa mwera ukamaomba, upemphe amayi akuperekeze kunyanja. Uime chilili, umve mmene malaya ako akukupizira. Kenako ugone chafufumimba pamchenga. Upeza kuti pansi mphepo yachepa mphamvu, chifukwa nthaka ndi miyala zimaigwira miyendo. Papaya wako anatalika n'kukafika kumene mphepo imathamanga, masamba ake aakulu aja n'kuikola ngati thanga la boti. Chomera cha ku Marion chimakhala pansi pomwepo pamene iwe wagona.

Mkati mwake muli timphanda tambirimbiri tothinana, tochokera ku muzu umodzi, ndipo kamphanda kalikonse kali ndi timasamba ting'onoting'ono kunsonga. Kamodzi kakangothamangira kukula n'kusuzumira pamwamba pa tinzake, mphepo imakaumitsa ndi kukakwapula ndi mchenga komanso tizidutswa ta madzi oundana. Ukudziwa mmene mchenga umalumira m'miyendo mwera ukakula, kumeneko n'koposa. Kamphandako kamafa kapena kamaleka kukula mpaka tinzake titakapeza. Zaka zikamapita, timphanda tonse timathera pamlingo umodzi, ndipo mphepo imangodutsa pamwamba monga mmene funde limakwerera mwala wosalala. Ndimaganiza za agogo ako akamasalaza mtsuko ndi dzanja lonyowa: mphepo nayo imaumba chomerachi choncho, pang'onopang'ono.

Chimene chinandidabwitsa koposa ndi cham'kati. Masamba akale akafota sagwa n'kuuluzika ayi. Amatsalira mkatimo, n'kuwola, n'kusanduka manyowa osunga madzi ngati siponji. Dzuwa likawala, mtandawo umafunda kuposa mpweya wouzungulira, chifukwa mphepo ilibe polowera kuti ichotse kutenthako. Motero tizilombo timabisalamo, ndipo udzu umene sukanatha kumera pamwala umamera pamtandapo, makamaka mbali yobisika ku mphepo, kumene fumbi ndi njere zimakagwera. Mitanda ina imafika popindika ngati mwezi wongooneka kumene.

Abale ake a chomerachi ali m'maiko ena ozizira. M'mapiri a Andes, ku Peru, Bolivia ndi Chile, muli china chotchedwa yareta, chomera pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa ya ku Mulanje, imene ili mamita 3,002. Chimakula pafupifupi sentimita imodzi ndi theka pachaka. Tenga rula yako uone kuchepa kwake! Zina zakhala zaka zoposa 3,000, ndipo n'zolimba moti munthu atha kuimapo. Anthu akumigodi ankazizula n'kumasonkhera moto, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni, chifukwa chimene chapsa usiku umodzi sichingabwerere m'moyo wa munthu. Ku New Zealand kuli china chotuwa, chimene munthu akachiona patali amayesa nkhosa yagona paphiri.

Za papaya uja usadandaule. Ndaumitsa njere za papaya wokoma amene ndinagula pamsika Loweruka, ndipo ndibwera nazo kumapeto kwa mwezi. Tikabzala kumpoto kwa mpanda wa udzu uja, kumene mwera sufika ndi mphamvu, ndipo tidzazika mtengo pambali pake womangirirapo akamakula. Iwe uyambiretu kusonkhanitsa ndowe za mbuzi. Ukabwera kunyanja kuja undilembere zimene wamva utaima ndi zimene wamva utagona, ngakhale mizere itatu yokha.

Upereke moni kwa amayi ako ndi kwa agogo.

Ine malume ako.