Kalata kwa mdzukulu wanga: phiri lolavula matope

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino. Amayi ako andiuza kuti masiku ano pakamwa pako sipachoka nkhani ya mapiri ophulika, ndipo wajambula limodzi lili ndi moto wofiira kuti psuu pamwamba. Zandikondweretsa kwabasi. Tsono khala pansi ndikuuze za mtundu wina wa phiri umene ngakhale akuluakulu ambiri saudziwa. Phiri limeneli silitulutsa chiphalaphala chamoto ayi. Limalavula matope, ndipo kawirikawiri matopewo amakhala ozizira.

Ambiri mwa mapiri amenewa ndi ang'onoang'ono, ena ofika m'chiuno mwa munthu wamkulu basi. Amakhala otuwa, ndipo pansonga pake pamakhala kadzenje kodzaza matope amadzimadzi. Ukaima n'kumayang'anitsitsa, umaona thovu likufufuma pang'onopang'ono, kukula, kukula, kenako n'kuphulika kuti phwa! Timatope timadontha n'kutsetsereka m'mbali. Dzuwa likawaumitsa amang'aluka, ena atsopano n'kubwera pamwamba pake. Phirilo limakula choncho, kudzimanga lokha ndi malovu ake. Munthu akhoza kuganiza kuti matopewo akuwira, koma pansi pake palibe moto. Ndi mpweya umene ukutuluka.

Nanga matopewo amakwera bwanji kuchokera pansi, pomwe chilichonse cholemera chimakonda kutsika? Yankho lake uli nalo kale kuphazi kwako. Kumbuka tsiku limene unaponda m'matope opanda nsapato. Matope aja anathawira kuti? Anatulukira pakati pa zala zako, n'kukwera m'mwamba ngati tinyongolotsi. Iwe unawapanikiza, iwo n'kupeza mpata wothawira. Pansi pa dziko pamachitikanso zomwezo, kungoti phazi lake ndi lalikulu koopsa.

Zimayamba motere. Mitsinje imakokolola dothi n'kukalitaya m'nyanja. Dothilo limadikha pansi, lina n'kubwera pamwamba, linanso pamwamba, kwa zaka mamiliyoni, mpaka mulu wake kukhuthala makilomita angapo. Likamaunjikana mofulumira, madzi amatsekeredwa m'kati, chifukwa dongo ndi louma mtima, sililola madzi kudutsa. Mumakwiririkanso tizomera ndi tizilombo tating'onoting'ono ta m'nyanja timene tinafa kalekale. Pakapita nthawi yaitali timasanduka mafuta ndi gasi wotchedwa methane. Ndiye taganiza: pansipo pali madzi, dongo ndi gasi, zonse zatsekeredwa, pamwamba pasanjikizana miyala yolemera. M'madera ena zigawo zikuluzikulu za dziko zimakankhananso, n'kufinya zonsezi kuchokera m'mbali. Tsiku lina mwala umang'aluka. Mng'alu umenewo ndiwo mpata wa pakati pa zala uja. Gasi amathamangira m'mwamba atanyamula madzi ndi dongo, ndipo zikafika kunja, phiri la matope labadwa.

N'chifukwa chake matope ake nthawi zambiri satentha. Chiphalaphala cha phiri lako lija ndi mwala wosungunuka, koma apa palibe chimene chasungunuka. Madzi ake amakhala amchere, ndipo mwina amanunkha mafuta. Ine chimandigwira mtima ndi chakuti ena mwa madzi amenewo anatsekeredwa pansi kale kwambiri, padziko pasanakhale munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo lero ndi pamene akuonanso dzuwa.

Dziko lotchuka ndi mapiri amenewa ndi Azerbaijan, m'mphepete mwa nyanja ya Caspian. Kumeneko alipo oposa 300. Ku Gobustan, kufupi ndi mzinda wa Baku, alendo amapita kukaona tating'onoting'ono tikuchita phwa, phwa, koma m'dzikomo mulinso akuluakulu otalika mamita pafupifupi 400. Aliponso ku Romania, ku Trinidad ndi ku Pakistan, ndipo ambiri ali pansi pa nyanja pomwe sitingawaone. Ku Colombia kuli lina lotchedwa El Totumo, limene anthu amakwera n'kulowa m'matope ake. Samira, amangoyandama, chifukwa matopewo ndi olemera kuposa thupi la munthu.

Koma usati n'ngofatsa nthawi zonse. Gasi uja amayaka. Akatuluka wambiri mwamphamvu, kamoto kakang'ono ndi kokwanira kuyatsa malawi aatali zedi. Phiri la Lokbatan kufupi ndi Baku linachita zimenezo mu 2001, ndipo mu July 2021 lina linaphulika pakachilumba ka m'nyanja ya Caspian, moto wake n'kuoneka kutali usiku.

Imene ndikudziwa kuti uikonda ndi iyi. Pa 24 September 2013 ku Pakistan kunachita chivomerezi chachikulu. Anthu a m'tauni ya Gwadar atayang'ana kunyanja anaona chilumba pamalo pomwe dzulo lake panali madzi okhaokha! Matope anali atakankhidwa kuchokera pansi pa nyanja mpaka kutulukira pamwamba. Anthu anapalasa mabwato kukachiona, n'kuyendapo ndi mapazi awo. Koma poti chinali cha matope, mafunde anayamba kuchinyenya pang'onopang'ono, ndipo patapita zaka zochepa chinazimiririka.

Pali inanso yomvetsa chisoni, ndipo sindikubisira poti wayamba kukula. Pa 29 May 2006, ku Sidoarjo pachilumba cha Java m'dziko la Indonesia, matope anayamba kutumphuka m'munda. Amenewa anali otentha, ndipo sanaleke. Anakwirira nyumba, masukulu, minda ndi misewu, mwina n'kungotsala madenga okha akuonekera. Anthu oposa 30,000 anasamuka, pakati pawo ana amsinkhu wako amene anasiya makalasi awo pansi pa matope. Akatswiri ambiri amati chinayambitsa ndi chitsime cha gasi chimene chinkakumbidwa pafupi, ena amati ndi chivomerezi chimene chinachitika masiku awiri m'mbuyo mwake. Anthu anamanga zipupa zazitali zadothi kuti atchinge matopewo, ena n'kumawapatutsira mumtsinje wa Porong, ndipo anapitiriza kutuluka kwa zaka zambirimbiri. Ndikawaganizira ana amenewo mtima umandiwawa.

Tsono ndikupempha kanthu. Mvula ikadzagwa, upemphe amayi ako akulole kuponda m'matope, koma ulendo uno upondemo pang'onopang'ono, maso ali pa zala. Ukatero undijambulire phiri lachiwiri pambali pa lofiira lija. Limeneli likhale lotuwa, thovu lili pansonga, ndipo pansi pake undionetse pamene pabisala madzi ndi gasi, ndi mng'alu umene akudzera. Ndidikira chithunzicho.

Upereke moni kwa amayi ndi abambo ako.

Ndine agogo ako okukonda.