Oyeza madzi a m'nyanja si ongodya ma alawansi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yathuyi ndinenepo za anthu ochita kafukufuku wa pa nyanja. Chandilembetsa ndi zimene ndinamva mu minibasi sabata yatha tikuchoka ku depoti kupita ku Area 25. Pa wailesi amakamba za akatswiri oyeza madzi a m'nyanja zamchere ndiye bambo wina kumbuyo akuti ife zimenezo zikutikhudza chani, Malawi muno nyanja yamchere tilibe, amenewo ndi ongodya ma alawansi basi. Ambiri anavomera. Ine ndinangokhala chete poti ndinali pafupi kutsika koma mpaka lero zikundiwawabe.

Ine si wasayansi ayi, ndine dalaivala. Kungoti kwa zaka zingapo ndinkanyamula anthu a kafukufuku kuchoka kuno ku Lilongwe kupita nawo ku Senga Bay ndi ku Monkey Bay, ndipo masiku ena ankanditenga m'boti kuti ndiziwathandiza kukoka chingwe. Zimene ndikunenazi ndinaona ndi maso angawa.

Kudzuka kunali 4 koloko m'mawa, kunyamula zigubu za mafuta, mabotolo olembedwa manambala, ayisi, nkulowa pamadzi kusanache mphepo isanayambe. Chida choyamba chimene anandipatsa chinali kambale koyera kozungulira ngati chivundikiro cha poto, komangidwa ku chingwe chokhala ndi zizindikiro za mamita. Umakatsitsa pang'onopang'ono m'madzi mpaka kasowe m'maso, pomwe kasowerapo ndi pamene amalemba, ndipo nambala imeneyo imawauza ngati madzi ali oyera kapena adzadza matope ochoka m'mitsinje. Amakatcha Secchi disk, dzina la wansembe wa ku Italy, Angelo Secchi, amene anayamba kukagwiritsa ntchito mu 1865, mpaka lero akukagwiritsabe ntchito. Ndiye pali chachitsulo china cholemera amachitcha CTD, chimapita pansi chikuyeza kutentha kwa madzi, mchere ndi kuya kwake, pobwera amachilumikiza ku kompyuta. Chimene chinkandisangalatsa kwambiri ndi botolo lotsitsidwa lili chitsegukire mbali zonse, likafika pa kuya kumene akufuna amaponya kachitsulo kotsetsereka pa chingwe, kakagunda mumamva m'manja kuti phaa latsekeka, nkukoka madzi a pansi pomwepo osasakanikirana ndi a pamwamba. Kukokako ndiye ntchito, manja amachita matuza. Zolemba zonse ndi pensulo chifukwa inki ikanyowa imafufutika.

Tsiku lina mwera unatipeza tili pakati. Mtsikana wina amene anali atangomaliza kumene sukulu ya zausodzi anasanza kangapo konse, nkupukuta pakamwa, nkutenganso kope lake kupitiriza kulemba mpaka malo onse amene anakonza kuyeza atatha. Munthu wotereyo mukamuuze kuti akungoyenda?

Kwa iwowa ndi kumene ndinadziwira kuti nyanja yathuyi kumpoto ndi yakuya mamita pafupifupi 700 koma kupitirira mamita 250 kupita pansi kulibe mpweya woti nsomba nkupuma, ndiye nsomba zonse timadyazi zimakhala m'madzi a pamwamba okha. Ndiponso mwera womwe timaudandaula mu June ndi July uja umakankhira madzi a pamwamba kumpoto, kum'mwera nkutumphuka madzi ozizira a pansi okhala ndi chakudya cha tizilombo timene usipa umadya, nchifukwa chake cha ku Mangochi kumakhala nsomba zambiri. Pagombe napo amakhala chilili asodzi akamakocheza, kuyeza chambo chimodzichimodzi pa kathabwa ka manambala, kutumbula zina kuona ngati zili ndi mazira. Kutseka nyanja nthawi yoswana nsomba kuja sikungochokera m'mutu mwa munthu, kumachokera pa kathabwa kameneko.

Tsono anzawo a m'nyanja zamchere ntchito ndi yomweyi, zida zake nzofanana kungoti zawo nzazikulu ndipo amatha masabata ali pa sitima osaona mtunda. Alinso ndi timakina toyandama totchedwa Argo, pafupifupi 4,000 m'nyanja za dziko lonse, kalikonse pa masiku 10 alionse kamamira mpaka mamita 2,000 nkubwera pamwamba kakuyeza kutentha ndi mchere, nkutumiza manambala kudzera pa satelayiti.

Bambo a mu minibasi aja ndikanakonda ndikanawafunsa kuti namondwe Freddy anachokera kuti. Anayambira kufupi ndi Australia mu February 2023, nkuwoloka nyanja yonse ya Indian, kugunda Madagascar ndi Mozambique, nkubwereranso pamadzi kukatenga mphamvu zina, kenako mu March ndi uyo ku Chilobwe, Mulanje, Phalombe, anthu oposa 1,000 anatisiya. Namondwe mphamvu zake amazitenga ku madzi otentha a m'nyanja, ndiye amene amayeza kutenthako ndi amene amathandiza a zanyengo kutichenjeza masiku akadalipo. Chaka chotsatira, El Niño, amene ndi kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kutali kwambiri ndi kuno, anatibweretsera ng'amba, boma mpaka linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 mu March 2024. Kamunda kanga ka ku Mitundu chimanga chinapserera chili ndi ngayaye, ndinakolola matumba atatu okha pomwe ndimapeza khumi ndi kuposa. Mlamu wanga amene anamvera zolosera za nyengo nkudzala mbewu yocha msanga ndi mbatata anapezako pothawira.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi chakuti miyezi ina ulendo unkalephereka chifukwa chosowa mafuta a boti, zida zonse zili m'galimoto, anthu atakonzeka. Mmodzi wa iwo anandiwonetsa kope lake, mwezi umenewo tsamba lili loyera, ndipo anati madzi a mwezi wapita sungabwerere kukawayeza. Aphungu athu akamakambirana bajeti akumbukireko kuti kafukufuku wa pa nyanja amafuna mafuta ndi kukonza maboti mwezi ndi mwezi, osangodikira anzathu akunja.

Inunso a Mkonzi tumizani mtolankhani mmodzi akakwere nawo boti ku Monkey Bay ngakhale tsiku limodzi lokha, makamaka nthawi ya mwera, adzatilembere m'Chichewa zimene akupeza anthuwa kuti asodzi, alimi ndi ana a sukulu aziwerenga okha. Galimoto ikavuta ndiuzeni, njira ya ku Salima mpaka ku Golomoti ndimaidziwa bwino.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe