Chilengezo: Zokambirana za Thanzi la Maganizo

Mamembala olemekezeka,

Pokumbukira tsiku la thanzi la maganizo, lomwe limakhala pa 10 Okutobala, pamsonkhano wathu wotsatira tidzalandira namwino wa matenda a maganizo ndi mlangizi. Iwo adzafotokoza njira ya Friendship Bench, yomwe Dr Dixon Chibanda adayambitsa ku Harare, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera munthu wopsinjika maganizo, kenaka n'kumuthandiza kusankha vuto limodzi loyamba kuthana nalo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adasonyeza kuti odwala othandizidwa motere adapeza bwino kuposa anzawo omwe sadathandizidwe mwa njirayi.

Nkhaniyi njofunika kuimva, pakuti chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba n'chotalikira ambiri a ife. Amene muli ndi mafunso mungawapereke kwa mlembi polemba, osaikapo dzina, tsiku la msonkhanowo lisanafike.